Manati a mu Mpendero

Kutchalitchi onse amangoti Mayi Manati. Iwo ndi amene amasoka mikanjo yoyera ya obatizidwa, ndipo mu mpendero wa mkanjo uliwonse amasokereramo manati achitsulo kuti nsalu isayandame. Kale ankawatola m'galaja ya amuna awo, amene anamwalira akuganizabe kuti manati amadyedwa ndi makoswe.

Nzeru imeneyi sanaiphunzire kusukulu ya zosoka. Pa 9 Meyi 1971, ali mtsikana, anabatizidwa m'dziwe la simenti limene lili kuseri kwa guwa. Mayi awo anawauza kuti avale nsalu yolemera, iwo n'kuyankha kuti akukakumana ndi Yesu, sakukasenza katundu. Atangotsika masitepe, diresi la nayiloni linafufuma n'kukwera mpaka m'khwapa. Kwaya inasiya nyimbo pakati. Abusa anawabatiza maso ali kudenga, ndipo kuyambira tsikulo Mayi Manati ankakayika ngati mutu wonse unamira.

Palibe mtsikana wina amene anachitanso manyazi m'dziwelo, mpaka inafika nthawi ya mwana wa mchimwene wawo, amene anamulera okha. Mtsikanayo, wogulitsa mafoni m'sitolo, anabwera ndi diresi lake logula, lopepuka ngati pepala.

"Azakhali, mikanjo yanu ija imakhala ngati matumba a simenti. Ine ndivala ili."

"Bweretsa ndiikemo manati."

"Ine si njinga, azakhali! Mulungu amayang'ana mumtima."

"Mulungu inde, mwanawe. Koma mpingo umayang'ana miyendo."

Loweruka masana mtsikanayo ali kokonzetsa tsitsi, Mayi Manati anasokeramo manati mwakachetechete. Koma pobwera mtsikanayo analiyesa diresilo, mpendero n'kugunda mwendo wa tebulo kuti ngwe! Anatenga lezala n'kudula ulusi wonse, manatiwo n'kuwaunjika m'sosala pamwamba pa makina osokera a azakhali ake.

Lamlungu, pa 3 Malichi 2019, Mayi Manati anaima pamwamba pa masitepe a dziwe atanyamula thaulo, chikwama chili pamkono. Pa benchi yakutsogolo panakhala mnyamata amene ankafuna kukwatira mtsikanayo, pambali pake mayi ake atavala magalasi atsopano. Mumtima Mayi Manati anali atakonza kale mawu akuti "ndinakuuza." Madzi amulalikire okha, iwo anatopa.

Mtsikanayo anatsika sitepe yoyamba akumwetulira. Madzi atafika m'mawondo, diresi linayamba kutambasuka ngati ambulera. Analikanikiza kutsogolo, likudzuka kumbuyo. Anacheuka n'kuyang'ana azakhali ake ndi maso aja ankawayang'ana nawo ali wakhanda akatentha thupi.

Kunangomveka khuvuu! Mayi Manati anali m'madzi ndi nsapato zomwe, chikwama chomwe. Anagwada, madzi ali m'khosi, nagwira mpendero ndi manja awiri n'kuukokera pansi.

"Mayi," ananong'ona abusa, amene mu 1971 anali asanabadwe, "inu si munabatizidwa kale?"

"Mutu sunamire wonse, abusa. Pitirizani, manja akutopa."

Abusa atamiza mtsikanayo, funde linawaphimba Mayi Manati mpaka paliwombo. Mpingo unaganiza kuti agwidwa ndi Mzimu. Kwaya inakweza nyimbo, ndipo mayi a mnyamata uja anavula magalasi kupukuta misozi.

M'kachipinda kosinthira, awiriwo anagawana thaulo limodzi lonyowa.

"Nenanitu, azakhali," anatero mtsikanayo, mutu uli pansi.

"Ndinene chiyani?"

"Zoti munandiuza."

Mayi Manati anavula nsapato n'kukhuthula madzi. Mawuwo anali akadali pakamwa, koma anakumbukira kuti mayi awo tsiku lija sanawanene. Anangowafunditsa nsalu, n'kuwagwira dzanja mpaka kunyumba.

"Ambuye akadakhala wa 'ndinakuuza,' bwenzi tonse tili panja," anatero. "Finya tsitsilo, ukudontheza pa Baibulo langa."

Mtsikanayo anafinya tsitsi kwa kanthawi.

"Diresi la ukwati mudzasoka ndinu, azakhali."

"Limenelo sililowa m'madzi."

"Mudzaikemobe awiri. Pakhomo pa tchalitchi pamawomba mphepo."