Kazitape wa ndevu ndi a Mbewe

Ndinali ndi zaka khumi, tikukhala m'kafulati kopanikiza ku Woolwich, kutsidya kwa nyanja, pamene ndinakhala katswiri wodziwa akazitape. Sukulu yake inali gemu ya pa TV imene mnzanga anandibwereka. M'gemumo munali mkulu wina wa mapemphero wa ku Russia, wandevu zofika pamtima, amene ankalowa m'nyumba ya mfumu ngati wodzapemphera, koma kumbali n'kumatumiza zinsinsi kwa adani. Ndinkamusirira kwinaku ndikumuopa.

Mng'ono wanga Dalitso ankadwala matenda a magazi. Matendawo akamugwira, ankalira mpaka mawu kusasa. Amayi anali nesi, ndipo Loweruka akapita ku ntchito kunkabwera a Mbewe a kutchalitchi kwathu. Analinso ndi ndevu, ndipo jekete lawo linkanunkha mvula ndi mankhwala otikitira. Ankakhala pambali pa bedi n'kumang'ung'udza nyimbo mpaka mwana agone.

Kusukulu ndinali nditamva kuti a boma amalanda ana osiyidwa okha. Mutu wanga wa gemu unamaliza nkhani yonse: ndevu, mapemphero, mwana wodwala. A Mbewe ankatizonda kuti Dalitso atengedwe. Tsiku lina atagogoda, ndinakoloweka tcheni pachitseko n'kukhala chete. Anadikira panja pamasitepe ozizira mpaka amayi kubwera.

Ndinayembekezera khofi, koma amayi anangovula nsapato, n'kukhala pansi ndi yunifolomu yomwe.

"Tayatsa gemu yakoyo, undionetse spy wakoyo," anatero.

Ndinawafotokozera m'Chingerezi chothamanga, iwo n'kumayankha m'Chichewa monga mwa nthawi zonse. Anamuyang'anitsitsa mkuluyo, ndipo ndinadabwa kuti ankamudziwa.

"Uyutu analipodi. Mwana wa mfumukazi anali ndi matenda oti magazi akayamba kutuluka sasiya. Anthu amati bamboyu akabwera, mwana ankagona. Kaya anali wabwino kaya woipa, ine sindinaliko. Koma mwanayo m'gemumu ali kuti?"

Munalibe. Opanga gemu anasunga ndevu ndi maso oopsa, mwana wodwala n'kumutaya.

"A Mbewe amasiya tulo tawo after night shift kuti inu musakhale nokha," amayi anapitiriza. "Lero ndiye munali nokha."

Manyazi anandigwira. Ndinkati ndikuteteza Dalitso, koma munthu amene ankatiteteza ndi amene ndinamutsekera panja.

Loweruka lotsatira a Mbewe anabweranso, osatchula kanthu. Anangondifunsa ngati wandevu mnzawo ndinamugonjetsa, n'kuseka pang'ono.

Lero ndikamva mbiri ya munthu yokoma kwambiri m'makutu, ndimayamba ndafunsa kuti ndani wachotsedwamo. Amayi anandiphunzitsa zimenezi osakweza mawu, atatopa ngati galu. Dalitso anakula, sanatengedwe ndi wina aliyense, ndipo pa maliro a a Mbewe ndi iye amene ananyamula bokosi kutsogolo.