Mazira a bakha pansi pa thadzi la azakhali

Mvula ikagwa pa khola la kusukulu kwathu, fungo la nthenga zonyowa limandibwezera ku Makhanga.

Chitopa chinali chitatha nkhuku za azakhali anga, kusiya thadzi limodzi lofiira. Litangoyamba kufungatira, ndinaba mazira ake akadali ofunda, n'kukaphika kuseri kwa nkhokwe. M'malo mwake ndinaikamo mazira a bakha wa anansi athu. Ndinkaganiza kuti dzira lililonse lofungatiridwa ndi nkhuku limaswa nkhuku.

Masiku oti liswe anapitirira, azakhali akudandaula kuti thadzi lakalamba ngati iwo. Litaswa, anayang'anitsitsa timilomo tophwathalala, kenako anayang'ana ine.

"Mwanawe, tiana iti tatengera yani?"

"Mwina bambo wake, azakhali."

Sabata yomweyo madzi osefukira anafika pabwalo. Tiana tija tinalowamo n'kuyamba kusambira. Thadzi linathamanga uku ndi uku likuitana, kenako linalumphiramo, madzi n'kulitenga.

Azakhali sanandimenye. Anaphwasula khola n'kusandutsa nkhuni, ndipo sanawetenso nkhuku.

Anzanga ndikawafotokozera amaseka mpaka misozi, nanenso ndimaseka, koma nkhaniyi ndimaithera madzi asanafike.