Bwato Limene Silinang'aluke

Ndinawanamiza atsibweni anga, ndipo iwo anandithandiza kunamako. Chimene chimandipweteka n'chimenecho.

Anabwera kudzacheza kwathu ku Bangula kuchokera ku Blantyre, kumene ana awo anawatengera maso atayamba kuchita khungu. Asanamwe n'komwe madzi, anatulutsa mbedza zokulunga m'kampango.

"Mphwanga, mawa undiperekeze kudambo. Ndikufuna ndimveko mlamba ukukoka chingwe, kamodzi kokha."

Ine zaka zonsezi ndimangokhala m'kasitolo kanga. Nkhafi ndinaiwala kagwiridwe kake, ndipo mvuu ndimaziopa koopsa. Koma ndikanawauza bwanji zimenezi, poti ndi iwo anandiphunzitsa kupalasa? Ndinati, "Pepani atsibweni, bwato lija linang'aluka."

M'mawa anati tipitebe kudooko, akangolipatsa moni. Ndinawagwira dzanja, thukuta lili kamukamu ngakhale dzuwa linali lisanakwere. Titafika, bwatolo analisisita kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kenako analigogoda ndi chala katatu atatchera khutu. Linalira bwinobwino, lopanda mng'alu ngakhale umodzi. Munthu amene anasema mabwato moyo wake wonse sakanalephera kumva.

Ataweramuka anati, "Eya, lang'alukadi. Usadandaule, tidzapita chaka chamawa."

Masiku anayi otsalawo ndinawadyetsa milamba yogula pamsika, ine ndikuiyamikira mokweza ngati chitsiru. Iwo ankangovomera.

Anamwalira mvula isanagwe. Kampango ka mbedza kaja anakasiya pawindo langa, kaya anaiwala kaya anachitira dala. Bwatolo likadali kudooko, ndipo mpaka lero silinalowepo madzi ngakhale dontho.