Njinga Zinatsala Kunja kwa Geti

Ndinadzuka kusanache, khosi litauma chifukwa chogonera pa mpando wapulasitiki. Amuna tinachezera m'galaja ya achimwene ku Mirrabooka, kuno kutsidya la nyanja, titazungulira hita ya gasi, pakuti kuno ukakoleza moto pabwalo ozimitsa moto amafika abusa asanafike. M'nyumba amayi anali atayimba usiku wonse motsitsa mawu. Neba ndinali nditakambirana naye dzulo lake. Iye anayambira pakuti nyimbo zithe dzuwa likalowa, ine ndinayambira pakuti zifike m'mawa, ndipo tinakumana pakati. Ndiyo ntchito yanga. Ndimagulitsa katundu wakale pa misika ya Lamulungu m'mawa, choncho pa maliro a achimwene anga a Fanuel chilichonse chofuna pakamwa chinkagwera ine: bokosi, tenti, mipando, ngakhale nkhuku.

Pa khoma la galajayo panapachikidwa njinga yawo. Inalibe mabuleki, inalibe magiya, inalibe kaliyala, ndipo m'mizere ya matayala munali mutaumira kapinga. Usiku wonse ndinakhala moipatsa msana.

Kwathu ku Mponela a Fanuel anali a kabaza. Ananyamula anthu, matumba a feteleza, mbuzi zomanga miyendo, ndipo ndi miyendo yawoyo anandiphunzitsa sukulu mpaka pomwe mutu wanga unakanira. Akazi awo, alamu anga a Nachisale, ndi anamwino. Ndiwo anapeza ntchito pa chipatala cha ku Murdoch nabwera ndi banja, ine ndinatsatira pambuyo ngati basera. Achimwene analowa ntchito yonyamula makatoni ku Cannington, ndipo kumeneko mnzawo wina anawatengera ku chionetsero cha zaulimi, m'matauni ang'onoang'ono a alimi a tirigu aja. Pa zionetserozo, akatha kumeta nkhosa ndi kudula zipika ndi nkhwangwa, amazika timbendera mozungulira bwalo la kapinga n'kuyamba mpikisano wa njinga. Opalasa ake si akatswiri ayi, ndi alimi, amakaniko ndi aphunzitsi opuma. Wamphamvu amamuyambitsa kumbuyo kwa anzake kuti avutike kuwapeza. Achimwene ankawayambitsa kumbuyo kwenikweni, ndipo ankawapezabe.

Ndinapitako kamodzi. Ndinaona mchimwene wanga, bambo wa imvi, wa ana akuluakulu, atavala kabudula wothina, akuzemba ndowe za ng'ombe pakona, kenaka akumukoleka liboni lofanana ndi lomwe anali atangokoleka nkhosa yamphongo. Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Koma pansi pa chisekocho panali china. Munthu wakwera ndege ziwiri, wawoloka nyanja yonseyi, kuti adzapalasenso njinga? Akumudzi akamva adzati chiyani?

Tsono tsiku limenelo akumudzi anali oti aona. Achemwali athu anali atakonza zoti mwambo wa kumanda uziwonekera pa foni pakhonde la kwathu, ndipo woyendetsa mwambo ndiponso wowerenga mbiri ya malemu ndinali ine.

Kutangoyera, amayi anayatsa mbaula za gasi kuseri kwa nyumba, fungo la anyezi linalowa mpaka m'galaja. Mphepo yotentha ya kum'mawa inali itayamba kale kugwedeza tenti, ndipo ntchentche za nyengo ino zinali zitadzuka anthu asanasambe. Mayi wina anabwera kudzandiuza kuti alamu akundifuna. Ndinawapeza pa matiresi pabalaza, atazunguliridwa ndi amayi a Mvano. Ndinagwada. Anandinong'oneza kuti anzawo a malemu a ku njinga ali m'njira, anyamuka usiku, ndipo ndiwalandire ndi kuwapatsa malo pa mwambo. Namfedwa sayankhula pagulu, pakamwa pawo ndinali ine. Ndinati zonse zili m'manja mwanga, asadandaule.

Anthu anayamba kufika. Anamwino otsika shifiti yausiku anabwera ndi nsapato za kuntchito, zitenje atangomanga pamwamba. Kunabwera a ku mpingo, abale a ku Zambia ndi Chinyanja chawo cha m'tauni, ana obadwira konkuno oyankha moni m'Chingerezi, magalimoto mpaka kutseka njira ya neba uja. Kenaka kunalowa mapikiapu ofiira ndi fumbi, njinga zitamangidwa kumbuyo. Munatsika anthu a nkhope zopsa ndi dzuwa, amuna ndi amayi angapo, onse atavala majezi obiriwira a kalabu yawo. Mtsogoleri wawo anali mdala wamtali wowerama pang'ono, a Barry. Anavula chipewa, nandigwira dzanja nthawi yaitali.

Pempho lawo linali lachidule. Kuno kumanda galimoto ya maliro imayenda pang'onopang'ono kuchokera pa geti, anthu n'kumatsatira pansi. Iwo ankafuna kupalasa pambuyo pa galimotoyo atavala majezi awo, wina akukankha njinga ya achimwene yopanda munthu. Amatero mnzawo akamwalira.

Apa ndi pomwe ndinadzigwetsa. Ine munthu akandipempha chinthu sindiyamba ndi inde, ngakhale atandipempha madzi. Umayambira patali kuti mukakumane pakati. M'mutu mwanga pakati pake ndinali nditapaona kale: njinga azikankhe osati kukwera, akhale kumapeto kwa mzere komwe foni siyifika, majezi avale basi. Choncho ndinayambira patali. Ndinawauza kuti pa mwambo wathu njinga siyilowa kumanda, zovala zowala sizivalidwa, ndipo alendo sayandikira bokosi. Ndinanena ndi nkhope yomwe ndimagulitsira firiji yopanda chitseko. Kenaka ndinadikira kuti anenerere.

Sananenerere. Mdala uja anagwedeza mutu, napepesa kuti sanadziwe, nati sangafune kulakwira mwambo wa banja la mnzawo. Anatembenuka kukauza anzake.

Aliyense wogulitsa pa msika amadziwa chochita kasitomala akatembenuka. Umamusiya ayende pang'ono, kenaka umamuitana: bwerani bwana, inu mukuti bwanji? Ndinatsegula pakamwa ndithu. Koma chapomwepo panali pataima akuluakulu a bungwe la Amalawi, masuti akuda, akuyang'ana njinga zija momwe munthu amayang'anira mbuzi yolowa m'tchalitchi, kapena mwina ndine ndinaona choncho. Ndinatseka pakamwa. Mumtima ndinadziyamika kuti ndagula motchipa.

Ku tchalitchi kunatentha. Kumanda kunatentha koposa. Tinatsika pa geti n'kuyamba kutsatira galimoto, amayi akuyimba, nsapato zikukhutcha pa tala. Nditacheuka ndinaona mapikiapu aja ataima kunja kwa mpanda, njinga zili chimangire. Eni ake ankabwera kumapeto kwa mzere. Anali atafunafuna m'magalimoto mwawo chilichonse chakuda, majekete a mvula, makoti a kumunda, navala pamwamba pa majezi n'kutseka mpaka m'khosi, dzuwa lili pamutu. Mayi wina wachikulire anali atafunda bulangeti la galu. Atafika anakaima patali pansi pa mtengo wa bulugamu, monga ndinawauzira.

Mbiri ndinaiwerenga bwino, osapunthwa. Ndinatchula tsiku lobadwa, sukulu, ukwati, ana, udindo wa ku mpingo. Pa zaka za ku Mponela ndinati malemu ankachita bizinesi ya za mtengatenga. Pa zaka za kuno ndinati ankakonda masewero olimbitsa thupi. Mnyamata wogwira foni anali patsogolo panga penipeni, ndipo ndinayang'ana m'foniyo ngati mtolankhani.

Kuno manda amakupatsani nthawi yake, ikatha mumachoka, chifukwa pambuyo panu pali maliro ena. Adzukulu kulibe, kuli bambo wa kathirakitala kokwirira dzenje yemwe amadikira chapatali. Abusa anatalikitsa, tcheyamani wa bungwe anatalikitsanso. Ndinapita kwa bambo woyang'anira manda kukanenerera, ndipo anandiwonjezera kanthawi. Kanthawiko ndinakagawa kwa oyika nkhata: namfedwa, ana, abale, mpingo, a kuntchito, bungwe. Ndinayang'ana ku bulugamu kuja, ndinayang'ana wotchi, n'kupempha abusa atseke ndi pemphero.

Ameni atanenedwa anthu anayamba kulunjika ku geti. Amayi awiri anagwira alamu m'mikono kuti awadzutse pa mpando. Sanadzuke. Anayesanso, akuwanyengerera kuti alimbe mtima, poganiza kuti ndi chisoni chawafooketsa. Alamu sankalira. Anayang'ana ine, nayankhula ndi mawu omwe amauzira wodwala kuti amwe mankhwala.

"Alamu, anzawo aja sanatsanzike. Ine ndikhala pompano."

Omwe anali atayamba kuyenda anaima. Nyimbo inazima pakati pa vesi. Bambo wa kathirakitala anazimitsa injini. Panalibe woti ndimutume, pakuti nkhani yake ndinkaidziwa ndekha.

Kuchoka pa dzenje kukafika pa bulugamu paja si patali, koma ndinayenda ngati ndasenza thumba la simenti, gulu lonse likundiyang'ana, foni ikunditsata. A Barry anali atachita thukuta mpaka kunsonga ya mphuno. Ndinawauza kuti namfedwa akuwaitana. Anandifunsa ngati mwambo ukulola. Ndinati mwambo umenewo kulibe, ndinaupanga ndekha m'mawa uja, ndinkayesa kuti atsutsa. Anandiyang'ana osamvetsa. Anafunsa kuti akanatsutsa bwanji, pa maliro a mchimwene wanga. Ndikanakonda akanandituka.

Zokatenga njinga zinali zitachedwa, maliro ena anali atafika kale pa geti. Anangovula majekete aja n'kuwaunjika pansi pa mtengo, nabwera ndi majezi awo obiriwira onyowa ndi thukuta. Gulu linawapatukira. Mayi wa bulangeti uja ananyamula kachitini ka ayisikirimu. Munali chidutswa cha kapinga, ndi dothi lake lomwe, chomwe anakumba pa bwalo lomwe achimwene anapambanirapo komaliza. Anagwada movutikira nachiika pakati pa nkhata zathu za maluwa ogula. A Barry ananena mawu ochepa, kuti a Fanuel akawapitirira pakona ankawalizira belu la pakamwa n'kuwafunsa ngati akufuna kukwezedwa. Ana a malemu anaseka akulira. Abale a ku Zambia anaseka. Tcheyamani, yemwe ndinkamuopa uja, anapukuta maso nafunsa mnzake kuti bwanji anthu awa sanapalase.

Pamenepo alamu anadzuka okha, osagwiridwa.

Kunyumba ndinayesa kuwakakamiza alendowo kuti adye kaye. Anadya ataima, mpunga ndi nkhuku, nayamika amayi ophika, koma anati ulendo ndi wautali ndipo ziweto zikudikira. Ndinathandiza kumangitsa zingwe za njinga zomwe sizinamasulidwe n'komwe. Palibe anandiuza kuti ndisiye.

Madzulo mphepo ya kunyanja inabwera, tenti inaphwasulidwa, anthu anabalalika chifukwa ambiri mawa lake anali ndi shifiti. M'nyumba munatsala amayi ochepa ogona ndi namfedwa, ndipo alamu anali atagona chotembenukira kukhoma. Ine ndinali panja ndikusanja mipando ya m'tenti pamene foni inalira. Anali achemwali, kwathu kudakali masana. Anati zonse aona bwino, netiweki sinavute. Anati pakhonde panadzaza, chifukwa a kabaza onse a pa siteji ya achimwene anasiya ntchito m'mawa wonse, nthawi ya makasitomala, nabwera kudzaonera. Njinga anaziimika mzere kuyambira pa mpanda mpaka pa mjigo. Akhala akusunga zithunzi za maliboni aja m'mafoni mwawo, ndipo azungu a majezi atatulukira anaimba mabelu onse pamodzi mpaka nkhuku kuthawa.

Ndinati ndi zabwino zimenezo. Achemwali anapitiriza.

"Koma iwe, anyamatawa akundifunsa ndipo ndasowa chowayankha. Mbiri unawerenga ija inali ya ndani?"

Ine amene sindinasowepo mtengo wachiwiri ndinangogwira foni kukhutu. M'nyumba wina anazimitsa nyali ya pabalaza. Achemwali ankadikirabe.