Mbande za Alamu ndi Kandege ka M'laputopu

Ndege yeniyeni sindinakwerepo, koma pa laputopu yanga yakale ndaulukira pamwamba pa Lisasadzi kambirimbiri. Gemu yake ndi yoyerekeza kuulutsa ndege, ndipo amene amaikonda amapangira anzawo tinthu towonjezeramo, kuika pa intaneti kwaulere. Chimene chinkandinyansa n'chakuti m'gemumo kwathu kuno kunkaoneka ngati thengo lopanda mwini. Ndiye ndikaweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndinkajambula zigafa za fodya, mizere ya m'minda ndi msewu wathu wa fumbi, mpaka mudzi unaoneka.

Kandege kake kanali ka bambo wina wa kunja amene sindinamuonepo. Ndinamupempha kuti ndikapake utoto wobiriwira ngati tsamba la fodya n'kukaphatikiza ndi mudzi wangawo. Anavomera, koma anati kasagulitsidwe, dzina lake lisachotsedwe, ndipo wofuna kukagawa kwina ayambe wapempha. Ndinalonjeza. Tsiku limene zinakwera pa intaneti ndinasangalala moti mkazi wanga anafunsa ngati andikweza pantchito.

Tsono ndili ndi alamu, amuna a mlongo wanga. Amalima fodya, komanso ali ndi kashopu kothirira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi pamsika. Loweruka lina ndinawapeza akuthirira anyamata kandege kaja m'mafulashi, limodzi ndi mudzi wanga wonse. Dzina la mwini wake anali atalifufuta, eti linkangodya malo.

"Alamu, izi mwazitenga kuti?"

"Pa intaneti, alamu. Zalembedwa kuti n'zaulere. Chaulere chili ndi mwini?"

Ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Iwo ankangoseka, ati mzungu wake adziwira kuti za pa Lisasadzi. Komatu wina mwa anyamatawo anali ataziika kale pa intaneti m'dzina lake, ndipo bambo uja akanaziona akanati ndine wabodza, n'kundilanda chilolezo. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa munthuyo anandikhulupirira asanandione nkhope.

Inali nyengo yowokera fodya. Kwathu kuno munthu akamaliza kuwokera, mbande zotsala pa nazale sagulitsa kwa mnansi. Amene zamuperewera amabwera, kuodira, kupempha, mwini n'kumulozera bedi loti azule. Alamu anga ndi odziwika pa kupatsa kumeneku, ndipo amakunyadira kuposa fodya weniweniyo.

M'mawa mwake ndinatenga dengu n'kutsetserekera kudambo kumene kuli nazale yawo. Ndinawaona ali chapatali ndi ndowa, koma sindinaodire. Ndinangogwada n'kuyamba kuzula, ine amene ndilibe ngakhale mzere umodzi wa fodya.

Anabwera ndowa ili m'manja, nkhope itasintha.

"Alamu, n'chiyani chimenechi? Pakamwa mwasiya kunyumba? Mukanapempha ndikanakupatsani bedi lonse."

"Ndamva kuti n'zaulere," ndinatero, osadzutsa mutu. "Chaulere chili ndi mwini?"

Anatula ndowa, kukhala pamzere, n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Anati mlongo wanga anawachenjeza kale kuti kwathu timabwezera mozizira. Mbande zimene ndinazulazo tinakapatsa mayi wina wa ku mpingo kwathu amene zake zinapsa ndi dzuwa, ndipo dengu ananyamula ndi iwowo.

Madzulo ake ndinamva odi pakhomo. Anali alamu, atavala jekete ya kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Ndinawapatsa mpando, iwo n'kukana, kunjuta pansi ngati munthu wodzafunsira mbeta.

"Tabwera kudzapempha ndege," anatero, akudziluma milomo kuti asaseke.

Ndinawauza kuti mudziwo ndi wanga, atenge, koma ndegeyo ili ndi mwini wake. Tinamulembera limodzi bambo uja, ine ndikutayipa, iwo akundiuza mawu. Anaumirira kuti ndiikemo nkhani ya mbande yonse, ngakhale ndinavutika kuifotokoza m'Chingerezi. Mnyamata uja anamusaka okha mpaka anachotsa zimene anaika pa intaneti.

Bamboyo anayankha mosangalala. Anati alamu agawe m'mafulashi mmene angafunire, bola dzina likhalepo ndipo pa kandegeko pasalipiritsidwe kanthu. Anawonjezera kuti waulukira pamwamba pa mudzi wathu, ndipo akufuna kudziwa kuti chigafa cha mwini mbandeyo ndi chiti.

Apa ndiye panavuta, chifukwa chigafa cha alamu sindinachijambule. Iwo anadandaula sabata yathunthu, ati ndawachotsa m'mudzi ali moyo. Ndinachijambula mmene chilili, chopendekera kumadzulo, ndi mzati umene akhala akunena zaka zonsezi kuti asintha.

Masiku ano wobwera ndi fulashi kushopu kwawo amayamba wakhala pansi. Alamu amamuwerengera dzina la mwini ndege, molitchula mokhota, kenaka amamuulutsa mpaka pamwamba pa dambo n'kuloza chigafa chija ndi chala pa galasi.

"Icho changa. Kunja akuchidziwa."