Kiyi Wotsegula Makomo Awiri

Nyumba za boma zimene tinkakhala ku Lilongwe zinali zofanana ngati mapasa, utoto, mazenera, mpaka maloko. Kiyi wathu ankatsegulanso kwa aneba athu, mayi a ku Rumphi amene amuna awo ankagwira ntchito ku City Centre limodzi ndi anga. Tinkangoseka nazo. Mchere ukandithera iwo kulibe, ndinkatsegula n'kukatapa.

Akuba atatisowetsa mtendere, tinapangana kuti khomo lililonse likhale ndi wezulo. Ikalira, aliyense atuluke ndi chimene chili pafupi.

Tsiku lina achimwene anga anabwera kuchokera kumudzi, kanali koyamba. Ndinakumana nawo kudepoti ku Old Town, n'kuwapatsa kiyi kuti atsogole ndi thumba lawo la mtedza, ine ndigule ndiwo. Anaphonya khomo. Koma kiyi anatsegula, ndiye akanakayika bwanji? Aneba aja pochokera kuseri kochapa anapeza bambo wachilendo pabalaza ali ndi thumba. Analiza wezulo.

Mmene ndimatsika minibasi, fumbi linali koboo. Anthu amene ndinkaphika nawo pamaliro anali atawazungulira achimwene ndi mipini, njerwa, malamba. Mkulu wa mpingo wathu, munthu wofatsa uja, ankawaponda mutu ndi nsapato ya kuofesi. Wina anali akugubuduza tayala. Achimwene anali atasiya kukuwa, magazi akutuluka m'khutu, kiyi ali chigwirire.

Ndinawagwera pamwamba. Njerwa ina inandipeza pamsana.

"Awa ndi achimwene anga! Kiyiyo ndawapatsa ndine!"

Onse analeka kumenya. Aneba aja anavula chitenje n'kuwamanga achimwene kumutu, akulira kuposa ine. Mkulu wa mpingo yemweyo ndi amene anawanyamula pa galimoto yake kupita nawo kuchipatala. Amayi a mumzere wa nyumba zathu anagawana masiku obweretsa phala, ndipo palibe amene anajomba. Ndinkalandira, ndinkathokoza, koma mumtima ndinkafuna kuwakhuthulira kumaso. Mpaka lero ukali umenewo sunathe, ngakhale anthu omwewo ndi amene anadzandigwira dzanja amuna anga atamwalira.

Khutu lija linafa. Tsiku lobwerera kumudzi, mzere wonse unatuluka kudzawaperekeza, wina shuga, wina sopo. Achimwene anawayang'ana, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mlongo, usadandaule. Anzakowa ndi ogwirizana, ndawaona ndekha."

Ndinakhala m'nyumba imeneyo zaka zambiri pambuyo pake, koma achimwene sanapondemonso.