Makungwa a ku Mafinga

Ruth Namsukwa wa ku Wenya sanali sing'anga. Ankangolima mawere ndi nyemba mpaka chaka cha 1978, pamene mwamuna wake Safeli anagwa m'munda, khosi litauma gwa, thupi lili moto. Lole inamufikitsa kuchipatala ku Boma. Adokotala anati ubongo watupa. Jakisoni anamupulumutsa, koma mutu unkamuwawabe mpaka kuluma bulangeti, ndipo nkhope za anthu anaziiwala.

M'mawa wina Ruth akumupatsa phala, Safeli anamulonjera mwaulemu.

"Monile mama. Mwafuma nkhu?"

"Sindinachokere kwina ayi. Ndine anyina Grace, mkazi wanu."

"Yewo," anatero iye, ngati akuthokoza mlendo.

Grace, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali pabanja ku Mzuzu. Amene anathandiza Ruth ndi mayi wina wa ku Zambia wogulitsa mchere, yemwe anamulozera mtengo wa makungwa ofiirira m'mapiri a Mafinga. Ruth anayamba kupitako mwezi ndi mwezi, wapansi, yekha, khadi la chipani atalimanga pansonga ya chitenje. Ankayanika makungwawo, kusinja, n'kuwiritsa. Safeli akamwa, mutu unkaleka ndipo ankagona. Nzeru zokha sizinabwerere.

Kutchalitchi amayi anzake anayamba kumusiyira benchi yonse. Ankanong'onezana kuti ndi iyeyo anapeperetsa mwamuna wake ndi mankhwala. Omwewo mutu ukawagwira ankabwera modzera kuseri kwa nkhokwe, kulandira kaphukusi, n'kumapita osakhala pansi.

Mu 1984 kunabwera a Petros, othandizira adokotala, kwawo ku Thyolo, atamva za makungwawo. Anatsamiritsa njinga pamtengo n'kukhala pamphasa.

"Mayi, mumawiritsa nthawi yaitali bwanji? Nanga akamwa, thupi limazizira?"

Ruth analankhula masana onse. Panali patapita zaka chifunsidwireni kanthu ndi munthu. A Petros analemba zonse m'kope, n'kuika makungwa mu envulopu.

"Nditumiza kwa akatswiri ku Zomba, akaone chimene chili m'katimu. Ndidzabwera ndi yankho."

Mvula isanagwe, a Petros anawasamutsira kum'mwera. Kalata sinafike.

Safeli anamwalira mu 1987. Maliro atatha, Grace anamanga katundu wa mayi ake m'chitenje kuti apite nawo ku Mzuzu. Ruth anamasula mfundoyo.

"Nyemba sindinakolole, mwanangu. Pita, ana akudikira."

Ruth anakhala m'nyumbamo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Odutsa panjira ankamumva akulankhula yekha uku akupalira, ena n'kufulumiza mwendo.